Kuthamanga si kufika: mphindi 20 za ndege ya Blantyre zimapita kuti?

Tengani kakyuleta yanu tiyambe ndi funso lomwe likhoza kubwera pa mayeso a Fizikisi. Ndege ikuuluka pa liwiro la makilomita 650 pa ola, ndipo komwe ikupita ndi mtunda wa makilomita 245. Itenga nthawi yaitali bwanji?

Ngakhale wa Fomu 2 akudziwa chochita: nthawi = mtunda ÷ liwiro. Ndiye 245 ÷ 650 ikutipatsa 0.377 ya ola. Tikachulukitsa ndi 60 tipeza mphindi 23. Mamakisi onse mwatenga, mphunzitsi wachonga.

Manambala awiriwa ndi enieni. Makilomita 245 ndi mtunda wa pakati pa bwalo la ndege la Chileka ku Blantyre ndi bwalo la ndege la Kamuzu International, lomwe ambiri timangoti KIA, ku Lumbadzi kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Makilomita 650 pa ola ndi pafupifupi liwiro la Dash 8 Q400, ndege ya mapulopela awiri yomwe kampani ya Malawi Airlines yakhala ikugwiritsa ntchito chiyambire maulendo ake mu 2014. Koma mukaona ndandanda ya maulendo a pakati pa mizinda iwiriyi, mupeza kuti amalemba mphindi 40 kapena 45. Nanga mphindi 20 zinazo zikupita kuti? Kodi fomula ya m'buku ija imanama?

Ayi, sinama. Vuto ndi loti fomulayo imakuyankhani molingana ndi zomwe mwaipatsa. Musanagawe chilichonse muyenera kuyamba mwadzifunsa mafunso awiri: mtunda wake uti, ndipo liwiro lake liti? Amene wazolowera kufunsa zimenezi sakodwa pa MSCE, komanso sanamizidwa ndi manambala m'moyo.

Mtunda wake uti?

Kuchokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe kuli mitunda yosiyanasiyana, kutengera njira. Basi ikadzera msewu wa Zalewa, kudutsa Phalula, Chingeni, Ntcheu ndi Dedza, imayenda makilomita opitirira pang'ono 300. Ikadzera ku Zomba, n'kudzawoloka Shire pa Liwonde, kudutsa Balaka, kukalumikiza pa Chingeni, mtunda umakula mpaka kupitirira makilomita 350. Msewu umazemba mapiri, umafunafuna pamene pali mlatho, umakhotera kumene kuli anthu. Ndege ilibe nazo ntchito zimenezo.

Apa mpamene pali kusiyana kwa distance ndi displacement komwe mumaloweza kuja. Distance ndi utali wa njira yonse yomwe mwaponda. Displacement ndi mzere wowongoka kuchokera pomwe munayambira kufika pomwe mwathera, pamodzi ndi mbali yomwe walozera. Anthu awiri, wina wodzera Zalewa wina wodzera Liwonde, akakumana ku Lilongwe amakhala ayenda distance yosiyana koma displacement yawo ndi imodzi.

Mzere wowongokawu mukhoza kuuwerengera nokha, popanda kukwera ndege. Malo aliwonse padziko ali ndi manambala awiri, latitude ndi longitude, omwe munaphunzira ku Jogalafe. Bwalo la KIA lili pa madigiri 13.79 kumwera ndi 33.78 kum'mawa. La Chileka lili pa madigiri 15.68 kumwera ndi 34.97 kum'mawa.

Kuzungulira dziko lonse ndi makilomita pafupifupi 40,000, ndipo chinthu chozungulira chili ndi madigiri 360. Gawani: digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111. Kusiyana kwa latitude ya mabwalo athu awiri ndi 15.68 − 13.79 = madigiri 1.89. Chulukitsani ndi 111, mupeza makilomita 210. Ndiye kuti KIA ili makilomita 210 kumpoto kwa Chileka.

Pa longitude pafunika kusamala pang'ono. Mizere ya longitude ili ngati mizere ya pa dzungu: imatalikirana pakati, pa equator, koma imayandikana mukamapita kunsonga. Kuno kwathu, pa madigiri pafupifupi 15 kumwera, timachulukitsa 111 ndi cos 15°, yomwe ndi 0.97, ndipo digiri imodzi imakhala makilomita 108. Kusiyana kwa longitude ndi 34.97 − 33.78 = madigiri 1.19, omwe ndi makilomita 128. KIA ili makilomita 128 kumadzulo kwa Chileka.

Tsopano jambulani: mzere wa 210 wolozera kumpoto, wina wa 128 wolozera kumadzulo. Mwaona chatuluka? Right-angled triangle. Muitaneni Pythagoras: 210² ndi 44,100, 128² ndi 16,384, pamodzi 60,484. Square root yake ndi makilomita 246. Tasiyana ndi 245 ija ndi kilomita imodzi yokha, chifukwa tinkafupikitsa manambala. Njira iyi imagwira pa mitunda yaifupi ngati uwu, pomwe tingatenge dziko ngati lafulati. Pa ulendo wa ku London kapena ku Beijing kupindika kwa dziko sikunyalanyazika, ndipo pamafunika masamu ena.

Mukapeza mapu ndi rula, lumikizani mabwalo awiriwo ndi pensulo, muone chodabwitsa. Mzerewo sudutsa pa Balaka kapena pa Liwonde. Umadzera kumadzulo ndithu, n'kulowa m'dziko la Mozambique, m'boma la Angonia, usanabwererenso m'Malawi cha ku Dedza. Pakatikati pake pali pafupi ndi tauni ya Ulongwe, koma osati Ulongwe wathu wa ku Balaka wa pa msewu wa ku Mangochi. Uyu ndi mnzake wa dzina, wa ku Angonia.

Komabe ndege yeniyeni sitsata mzere wa pensulowo ndendende. Imanyamuka molozera komwe msewu wake wothamangirapo walozera, kenako n'kukhota. Pofika imafunika kuzungulira kuti ilunjikane ndi msewu woterapo. Nthawi zina imazemba mitambo ya mabingu, makamaka dzinja. Choncho mtunda womwe yauluka umaposa 245 ndi makilomita angapo. Apa tapezapo mphindi ziwiri kapena zitatu. Zambiri zabisala mu funso lachiwiri.

Liwiro lake liti?

Makilomita 650 pa ola ndi liwiro la ndege ikafika m'mwamba n'kukhazikika. Koma ndege siyambira pa 650. Imayambira pa ziro, ngati minibasi pa depoti ya Balaka, ndipo imathera pa ziro.

Nthawi yolembedwa pa tikiti amaiwerenga kuyambira pomwe ndege yasuntha pamalo ake oimikapo kufikira pomwe yaima kwinako. M'kati mwa nthawi imeneyi muli magawo asanu. Manambala otsatirawa ndi chitsanzo chophunzirira, chifukwa tsiku lililonse amasintha, koma akusonyeza mmene zimakhalira.

Gawo loyamba, ndege imayenda pansi pang'onopang'ono kupita kumapeto kwa msewu wothamangirapo, n'kudikira chilolezo kuchokera kwa oyang'anira kayendedwe ka ndege omwe amakhala pa nsanja. Tinene mphindi 8. Mtunda wolowera ku Lilongwe: ziro.

Gawo lachiwiri, imathamanga mpaka kupitirira makilomita 200 pa ola, n'kunyamuka, n'kuyamba kukwera. Pokwera, mphamvu yambiri ya injini imathera pa kunyamula kulemera kwa ndege, anthu ndi katundu. M'chinenero cha Fizikisi, mphamvu ya m'mafuta ikusanduka potential energy. Ali yense wopalasa kabaza pa chitunda amazidziwa bwino izi: miyendo ikugwira ntchito kwambiri koma njinga ikuyenda pang'onopang'ono. Tinene mphindi 10 pa liwiro la makilomita 400 pa ola. Amenewo ndi makilomita 67.

Gawo lachitatu ndi loyenda mokhazikika m'mwamba. Ndege zimakonda kumwamba chifukwa mpweya wake ndi wopepuka, sukankha ndege kwambiri, ndiye mafuta sapita ambiri. Pa ulendo wathuwu gawoli ndi lalifupi momvetsa chisoni: mphindi 7 pa makilomita 600 pa ola, makilomita 70 basi.

Gawo lachinayi ndi lotsika. Ndege sitsika ngati mwala. Oyendetsa ndege ali ndi kalamulo kapamtima: pa mafiti 1,000 aliwonse omwe akufuna kutsika, amafuna mtunda wa ma nautical mile atatu. Nautical mile imodzi ndi mamita 1,852, ndiye atatu ndi makilomita 5.6. Ngati ndege ikufuna kutsika mafiti 18,000, omwe ndi mamita pafupifupi 5,500, iyenera kuyamba kutsika kudakali makilomita 100. Taganizani: ulendo wonse ndi 245, ndipo 100 a iwo ndi otsika. Ndege ikangopitirira pang'ono theka la njira, woyendetsa wayamba kale kukonzekera kutera. Komanso akamayandikira pansi amachepetsa liwiro. Tinene mphindi 16 pa makilomita 400 pa ola, makilomita 107.

Gawo lachisanu, yatera, ikuyenda pansi kupita poimikira. Mphindi 4.

Phatikizani. Mitunda: 67 + 70 + 107 = makilomita 244. Nthawi: 8 + 10 + 7 + 16 + 4 = mphindi 45. Mphindi zathu zotayika zija zapezeka. Pa mphindi 45 zonsezi, ndege inayandikira liwiro lake lotchuka lija kwa mphindi 7 zokha.

Liwiro loyenera kulowa mu fomula yathu ndi average speed, lomwe ndi mtunda wonse kugawa ndi nthawi yonse. Mphindi 45 ndi 0.75 ya ola, ndipo 245 ÷ 0.75 ndi makilomita 327 pa ola. Theka la 650! Chenjezo kwa a Fomu 4: average speed sitiipeza pophatikiza maliwiro n'kugawa ndi kuchuluka kwawo. Mukatero mwalakwa. Nthawi zonse ndi mtunda wonse kugawa ndi nthawi yonse.

Mukajambula speed-time graph ya ulendowu, iyamba pansi, ikwera, ikhala pamwamba kanthawi kochepa, kenako itsika mpaka pa ziro. Ikufanana ndi trapezium ija ya m'mabuku anu, ndipo malo a pansi pa mzerewo ndiwo mtunda womwe ndege yayenda. Funso la graph likabwera pa mayeso, kumbukirani ndege ya Chileka.

Ulendo wa ku Joni

Ambiri a ife kuno ku Machinga ndi Balaka tili ndi achibale ku Joni. Kuchokera pa KIA kukafika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,480 mowongoka, ndipo ndege ya Boeing 737 imatenga maola awiri ndi theka kapena kucheperapo pang'ono. Yerekezani ndi ulendo wathu uja. Mtunda wakula kasanu ndi kamodzi, koma nthawi yakula katatu ndi pang'ono. Average speed yafika pafupifupi makilomita 600 pa ola.

Chifukwa chimodzi n'chakuti Boeing 737 imathamanga kwambiri kuposa Q400, kupitirira makilomita 800 pa ola. Koma chifukwa chachikulu ndi ichi: kuyenda pansi, kukwera ndi kutsika zimatenga nthawi yofananako kaya ulendo ndi wautali kapena waufupi. Pa ulendo wautali gawo lachitatu lija ndilo limatalika, ndiye ndege imakhala nthawi yambiri pa liwiro lake labwino. N'chifukwa chake mukaika Boeing 737 pa ulendo wa Chileka ndi KIA, simupindulapo mphindi zambiri. Isanafike pothamanga bwino, nthawi yotsika yakwana kale.

Achimwene anu okwera basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge amatha tsiku lathunthu ndi kupitirira ali panjira. Nawonso average speed yawo imatsika kwambiri chifukwa cha maola omwe basi imaima pa zipata za mayiko. Basi itaima, mtunda sukuwonjezeka koma wotchi ikuyendabe.

Mphepo nayo ili ndi mawu

Ndege ili ndi maliwiro awiri pa nthawi imodzi. Lina ndi lomwe ikudutsira mu mpweya, airspeed. Lina ndi lomwe ikudutsira pamwamba pa nthaka, ground speed. Lomwe limakufikitsani ku Lilongwe ndi lachiwirili.

Asodzi a mu Shire akudziwa kale nkhaniyi. Munthu wopalasa bwato kuchoka pa Liwonde kukwera chakumtunda, cha ku Mvuu, amalimbana ndi madzi. Pobwerera madzi omwewo amamuthandiza. Mphamvu ya manja ndi yomweyo, koma mitengo ya m'mbali mwa mtsinje imadutsa mosiyana. Kwa ndege, mtsinje wake ndi mphepo.

Tiyeni titenge kandege kakang'ono kouluka pa airspeed ya makilomita 250 pa ola, komwe sikakwera m'mwamba kwambiri. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kuno kumaomba mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'mawa. Ulendo wochoka ku Chileka kupita ku KIA umalozera kumpoto chakumadzulo, ndiye mwera umakankha kandegeko kumsana. Tinene mphepoyo ikuomba pa makilomita 50 pa ola. Kuti masamu asavute, tisiye kaye za kukwera ndi kutsika.

Popita: 250 + 50 = 300. Nthawi ndi 245 ÷ 300, mphindi 49.
Pobwera: 250 − 50 = 200. Nthawi ndi 245 ÷ 200, mphindi 73.5.

Tsopano funso lomwe limakola ambiri, ngakhale anzeru a m'kalasi. Popeza mphepo yathandiza popita ndipo yavutitsa pobwera, ndiye kuti zafafanizana, eti? Werengani. Ulendo wonse ndi 49 + 73.5 = mphindi 122.5. Kukanakhala kopanda mphepo, ulendo umodzi ukanakhala 245 ÷ 250, mphindi 58.8, ndipo kupita ndi kubwera mphindi 117.6. Mphepo yatidyera pafupifupi mphindi 5. Chifukwa chake n'chakuti inatithandiza kwa mphindi 49 zokha koma inatizunza kwa mphindi 73.5. Pa ulendo wopita ndi kubwera, mphepo yosasintha imawonjezera nthawi basi, sichotsera.

Nanga ikamaomba cham'mbali? Wopalasa bwato akafuna kuwoloka Shire kuti akakocheze pamalo openyana ndi pomwe wachokera, salozetsa bwato pamalopo. Amaloza chakumtunda pang'ono, madzi n'kumamubweza, mpaka afike pomwe amafuna. Woyendetsa ndege amachita chimodzimodzi, amalozetsa mphuno ya ndege chakumphepo. Ma vector aja ndi amenewa. Ngati airspeed ndi 250 ndipo mphepo ya cham'mbali ndi 70, ground speed ndi square root ya 250² − 70², kapena kuti 62,500 − 4,900 = 57,600, yomwe ndi makilomita 240 pa ola. Ngakhale mphepo ya m'mbali imadya nthawi.

Dziwaninso kuti mphepo yomwe tikumva pansi pano si yomwe ili pa mamita 5,000 kapena 10,000. Kumwambako ikhoza kuomba kuchokera mbali ina, ndi mphamvu ina. N'chifukwa chake woyendetsa ndege asananyamuke amalandira kaye uthenga wa zanyengo wa njira yonse.

Chifukwa chake masamuwa si masewera

Inu mukalakwitsa samu iyi mumataya mamakisi atatu. Woyendetsa ndege akalakwitsa, mafuta amamuthera m'mwamba, ndipo kumeneko kulibe poimika kuti munthu athamange ndi chigubu. Mafuta a ndege amawerengedwa ndi nthawi, chifukwa injini imamwa malita akutiakuti pa ola, kaya mphepo ikuthandiza kapena ikuvutitsa. Mphepo yochokera kutsogolo ikawonjezera mphindi 15 pa ulendo, ndiye kuti pafunika mafuta a mphindi 15 zina.

Malamulo a bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO amafuna kuti ndege yonyamula anthu ikhale ndi mafuta okafikira komwe ikupita, ena okafikira pa bwalo lina ngati yalephera kutera, ndi ena apadera osayenera kukhudzidwa, okwanira mphindi 30 pa ndege za injini za turbine monga Q400 ndi Boeing 737. Ndege yochoka ku Lilongwe kupita ku Chileka siwerengera makilomita 245 okha. Imawerengeranso za kubwerera kapena kupatukira kwina nyengo ikavuta.

Amalawi sitifunika kuuzidwa kuti nyengo ikhoza kusintha ulendo waufupi. Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, yomwe inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu, inanyamuka pa KIA kupita ku Mzuzu, ulendo womwe unkayembekezeka kutenga mphindi 45. Kumpoto tsikulo kunali mitambo yotsika kwambiri ndipo ndegeyo sinatere. Inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo palibe anapulumuka. Pa pepala, mtunda ndi liwiro zimapereka yankho limodzi losasintha. M'mwamba muli mitambo, mapiri ndi mphepo, ndipo amene amagwira ntchito za ndege amaphunzira zaka zambiri kuti aziwerengera zonsezi.

Nanga ife a ku Liwonde ndi Balaka?

Tiyerekeze kuti muli pa Liwonde, ndipo mwaitanidwa ku Lilongwe kuti mukayesedwe ntchito mawa masana. Amalume anu a ku Joni ati ndalama si vuto, sankhani basi kapena ndege. Musankha chiyani?

Ambiri adzafuula kuti ndege. Tiyeni tiwerenge kaye, kuyambira pakhomo kufika pakhomo.

Pa msewu, kuchoka pa Liwonde kudutsa Balaka, Chingeni, Ntcheu ndi Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 240. Pa average speed ya makilomita 60 pa ola, amenewo ndi maola anayi.

Pa ndege, muyenera kuyamba mwapita ku Chileka. Kudzera ku Zomba ndi Blantyre ndi makilomita pafupifupi 130, tinene maola awiri ndi theka. Pa bwalo la ndege amafuna mufike ola limodzi kapena kuposerapo ndege isananyamuke, kuti aone tikiti ndi katundu. Ulendo weniweni, mphindi 45. Kutsika ndi kudikira chikwama, mphindi 20. Kuchoka ku Lumbadzi kukafika mu mzinda, makilomita pafupifupi 25, mphindi 35. Phatikizani: 150 + 60 + 45 + 20 + 35 = mphindi 310, omwe ndi maola asanu ndi mphindi 10. Ndipo apa tatenga ngati ndege ikunyamuka nthawi yomwe inu mukufuna, zomwe sizichitika kawirikawiri.

Basi yapambana ndi ola lathunthu. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo Fizikisi ikuvomereza. Mwa zina, vuto lili pa displacement. Lilongwe ili kumpoto chakumadzulo kwa Liwonde, makilomita pafupifupi 200 mowongoka, pomwe Chileka ili kumwera. Maola awiri ndi theka oyambirira mumakhala mukuthamangira kutali ndi komwe mukupita.

Izi sizikutanthauza kuti ndege ilibe phindu pa mitunda yaifupi. M'nkhalango yosungira nyama ya Liwonde muli kabwalo kakang'ono ka ndege kufupi ndi Mvuu, komwe tindege tating'ono timatsitsa alendo odzaona njovu ndi mvuu. Kuchoka ku Chileka kufika kumeneko ndi makilomita pafupifupi 100 mowongoka. Kandege ka makilomita 250 pa ola kamafuna mphindi 24 pa fomula, tinene theka la ola ndi pang'ono tikawerengera kukwera ndi kutsika. Mlendo yemweyo akadzera pansi, ku Zomba, Liwonde ndi Ulongwe, n'kulowa msewu wafumbi, n'kukawoloka Shire pa boti, atha maola atatu kapena kuposa. Apa ndege yapambana kutalitali, chifukwa mlendoyo ali kale pa bwalo la ndege ndipo akutera pakhomo penipeni pa komwe akupita. Ndege imapindula pomwe msewu ukuzungulira kwambiri, pomwe pali madzi monga pa ulendo wa ku chilumba cha Likoma, kapena pomwe misewu yaduka monga zinachitikira m'maboma a kumwera nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, pomwe ma helikopita ndiwo ankafika kumidzi yomwe galimoto sizikanatha kufikako.

Msampha womaliza: wotchi

Tsiku lina mukadzagwira tikiti yopita kunja, mudzasamale ndi ichi. Nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za m'dziko lomwe bwalo lililonse lili. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa tili pa nthawi imodzi, ndiye pa ulendo wa ku Joni mukhoza kungochotsera. Koma Nairobi ndi Addis Ababa ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Tikiti ikati munyamuka ku Lilongwe 2 koloko masana ndipo mufika ku Addis Ababa 7 koloko madzulo, simunakhale mu ndege maola asanu ayi. Ndi maola anayi, chifukwa 7 koloko ya kumeneko ndi 6 koloko ya kuno. Mukagawa mtunda ndi maola asanu mupeza liwiro lolakwika. Pofuna kupewa chisokonezo chotere, oyendetsa ndege ndi a pa nsanja padziko lonse amagwiritsa ntchito wotchi imodzi, ya UTC, yomwe ili m'mbuyo mwathu ndi maola awiri.

Yesani nokha

Nawa mafunso atatu. Lembani njira yonse yomwe mwadzera, osangoponya yankho, chifukwa a MANEB amapereka mamakisi pa njira.

Loyamba. Ndege yatenga mphindi 40 kuchoka ku KIA kufika ku Chileka, makilomita 245. Pezani average speed yake mu makilomita pa ola, kenako muisinthe kukhala mamita pa sekondi.

Lachiwiri. Kandege ka airspeed ya makilomita 200 pa ola kakuchoka ku Chileka kupita ku Mvuu, makilomita 100, n'kubwerera. Popita mphepo ya makilomita 40 pa ola ikukankha kumsana, pobwera ikuchokera kutsogolo. Pezani nthawi ya ulendo wonse ndi average speed yake. Ngati mwapeza 200, yambiraninso.

Lachitatu ndi lopanga ndi miyendo. Sankhani ulendo womwe mumayenda kawirikawiri, kaya kuchoka kunyumba kupita kusukulu, kaya pa minibasi kuchoka pa Liwonde kupita ku Balaka, omwe ndi makilomita pafupifupi 30. Yang'anani wotchi pomwe mwakwera ndi pomwe mwatsika, kuphatikizapo nthawi yomwe kondakitala amadikira kuti idzaze, ya pa rodibuloko ndi yotsitsa matumba. Pezani average speed, muiyerekeze ndi nambala yaikulu yomwe munaona pa speedometer ya dalaivala. Mubwere nawo manambalawo m'kalasi, tidzajambule graph ya minibasi pambali pa graph ya ndege, tione ngati zikusiyana kwenikweni.